Chithunzi cha Pageti

Velko anali munthu wosunga malonjezo, makamaka amene sankamuvuta kusunga. Limodzi lokha ndi limene linkamudya ngati nsabwe ya mumsoko. Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ali gone m'chipatala atachita ngozi ya njinga yamoto, mwendo wakumanzere ataulowetsa zitsulo zisanu ndi ziwiri, analonjeza mkazi wake Rumyana kuti sadzakweranso njinga yamoto yaikulu. Rumyana ankamudziwa mwamuna wake, choncho sanamuletse zonse.

"Yaing'ono uzikwera," anatero. "Koma yaikulu ikadzafika pageti langa, udzakhala wandiuza kuti ndiyambe kukonzeka."

Velko analumbira misozi ili chuchuchu. Inali misozi yeniyeni, poti mwendowo unkawawadi.

Kuyambira pamenepo ankayendera kanjinga koyera, kofatsa ngati bulu wokalamba, ka mabuleki odziwa okha chochita tayala likafuna kutsetsereka. Sikankadwala, sikankamwa mafuta. Koma Lamlungu lililonse gulu lawo la okwera njinga zamoto likanyamuka m'tauni yawo ya Berkovitsa kukwera phiri la Petrohan, Velko ankafika pamwamba anzake atamaliza kale khofi.

"Eee, wafika wapositi!" ankakuwa Tosho wogulitsa matayala, munthu wa mimba yaikulu ndi pakamwa poposa mimbayo. "Kuli kalata yanga, bwana? Kapena mwangobweretsa penshoni ya agogo?"

Velko ankaseka nawo. Akanatani? Koma munthu wa zaka 47, dazi litayamba kale kukwera, sasangalala kusekedwa ndi anyamata amene anawaphunzitsa yekha kulowa pakona. Zinkamupweteka kwambiri, ndipo sankauza aliyense.

Rumyana ankagwira ntchito pamalo osindikizira mapepala kuseri kwa msika. Theka la ntchito yake linali mapepala a maliro, aja timakhoma pageti, pamitengo ndi pokwerera basi munthu akamwalira, n'kukhomanso ena pakatha masiku makumi anayi, miyezi isanu ndi umodzi, chaka. Ntchitoyo anaizolowera. Chimene sanazolowere ndi zithunzi zimene anthu ankabwera nazo.

"Anthu sajambulitsa ali moyo," ankatero akudula anyezi. "Akafa ndiye abale n'kubwera ndi chithunzi cha paukwati wa munthu wina. Womwalirayo foloko ili kukamwa, chigongono cha mnzake chili pakhutu, ati mayi dulani bwinobwino. Ndidule bwanji? Munthu akhala pageti chaka chonse akutafuna."

Kalin anamwalira Lamlungu lina kumayambiriro kwa Meyi. Anali mnyamata wa gulu lomwelo, wa zaka 29, ndipo njinga yake inali yofiira, ya zaka makumi awiri, injini yake kuwirikiza kawiri ya Velko. Inali ya nthawi ija ankapanga njinga zopanda chifundo: ukalakwitsa, walakwitsa. Tsikulo Kalin ananyamuka mochedwa, n'kumudutsa Velko ngati mphepo pothamangira anzake. Enawo anali patsogolo, sanaone kanthu. Amene anamupeza ndi wapositi. Pakona ya m'munsi mwa kasupe, Kalin anali atagona pansi pa chitsulo cha m'mbali mwa msewu, khosi litapindika mmene khosi silipindikira. Njingayo inali chapatali paudzu, tayala lakumbuyo likuzungulirabe pang'onopang'ono.

Pali chinthu chimene Velko sanauze munthu, ngakhale wansembe. Atagwada pambali pa mnyamatayo, foni ili kukhutu akuitana ambulansi, maso ake anapita okha kunjinga ija, mutu wake n'kuti: yangokalika mbali imodzi, sinapindike. Anachita manyazi kwambiri. Koma kuona anali ataona.

Pepala la Kalin anasindikiza ndi Rumyana.

"Chithunzi chabwino kuposa zonse chaka chino," anatero atabwera kuntchito, osamuyang'ana mwamuna wake. "Ali panjinga, helemeti ili m'khwapa, tsitsi lopesa. Sindinadule kanthu."

Kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti makumi anayi akwane, Lachisanu masana, bambo ake a Kalin, bai Nedyalko (paja munthu wamkulu timamutchula bai pomulemekeza), anafika pamalo pamene Velko ankawotcherera zitsulo. Anali dalaivala wa basi wopuma pantchito, ndevu zosameta chimwalirireni mwanayo, kansalu kakuda ka maliro kali pachifuwa. Anakana mpando, anakana khofi.

"Ndabwera ndi nkhani ya njinga," anatero. "Tisinthane. Iwe utenge ya Kalin, undipatse kako. Kiyi kwa kiyi, palibe chowonjezera."

Velko anazimitsa makina. Anadzimva ngati munthu amene wapezedwa dzanja lili mumphika.

"Inu ndi njinga, bai Nedyalko? Pamsinkhu wanuwu?"

"Si ine. Ndi Gergana."

Gergana anali mlongo wake wa Kalin, mwana yekhayo amene anatsala, namwino wa zaka 24.

"Zovala tagawa, nsapato tagawa, mmene ziyenera kukhalira masiku asanakwane," anapitiriza mkuluyo. "Yatsala njinga. Lachinayi gulu lanu likukaika mwala pakona paja, ndiye iye akuti atsogolera pa njinga ya mchimwene wake. Laisensi ali nayo, koma miyendo ingofika pansi ndi zala. Ine ndakalipa, mayi ake amugwadira. Kukwera akwera basi, zili m'magazi. Koma akwere kako, kamene kamakhululuka."

"Bwanji osaipereka kutali, ku Sofia uko?"

"Akuti ndikapatsa mlendo sadzandilankhulanso. Wavomera chimodzi chokha: ipite kwa munthu wa gulu, aziyiona. Ndiye ndinakhala pansi n'kukuwerengani nonse, mmodzimmodzi. Tosho ndi chitsiru. Enawo ndi ana. Iwe ndiwe wamkulu, ndipo Kalin ankanena kuti nthawi zonse umayenda pambuyo. Uli ndi mantha, Velko, ndipo mantha ndi chinthu chabwino. Ine zaka makumi atatu ndayendetsa basi paphiri limenelo ndi mantha, sindinaphepo ngakhale nkhuku."

Apa ndi pamene mkuluyo analakwitsa, ndipo Velko anaona bwinobwino. Iye sankayenda pambuyo chifukwa cha mantha. Ankayenda pambuyo chifukwa mphamvu za kanjingako zinkathera pomwepo. Mawu awiri atatu akanakwanira kuwongola nkhaniyi. Anatsegula pakamwa, n'kungoti, "Ndiganize kaye mpaka mawa."

Pachakudya chamadzulo, pakhonde, dzuwa likadalipo, anaiyambira nkhaniyo patali, mmene amayambira munthu amene watsimikiza kale. Anakamba za ndevu za bai Nedyalko, mmene zayerera mwezi umodzi wokha. Anakamba za Gergana, kamtsikana kowonda, kolemera ngati thumba la ufa limodzi. Rumyana ankamvetsera akunyemera buledi mumsuzi wa nyemba.

"Atenge Tosho," anatero.

"Tosho ali nayo kale yake. Ndiponso mkuluyo samukhulupirira."

"Chabwino, itenge iweyo. Ibwere itakwezedwa pagalimoto, uilowetse m'shedi, uwotcherere tcheni kuchitsulo. Si ndiwe wowotcherera? Kiyi undipatse ine. Mtsikana wapulumuka, iwe uzipita kuntchito wapansi, ndi mphindi khumi zokha."

Velko anayang'ana m'mbale. Nzeru imeneyi inali yabwino kwambiri, n'chifukwa chake inamukwiyitsa.

"Njinga ikangokhala imawonongeka," anatero. "Ndiponso Gergana akufuna aziyiona ikuyenda."

"Ehe, zatuluka." Rumyana anaika supuni pansi. "Ndiye usandibweretsere ndevu za munthu wolira kuti ndikuombere m'manja. Ukufuna ndinene kuti ndiwe munthu wabwino, ukupulumutsa mwana wa eni. Sindinena. Ukuifuna njingayo, Velko. Unkaifuna mwini wake ali moyo."

"Ndiye mtsikanayo akafe?"

"Usandiopseze ndi mwana wa eni, ndakupatsa kale njira. Ine ndasindikiza mapepala a okwera njinga khumi ndi anayi chiyambireni ntchito. Ndimawawerenga. Mkazi kapena mayi wa aliyense amandiuza zofanana: ankayenda bwino, anali wosamala. Sindikukuletsa. Zanga ndinanena m'chipatala, sindibwereza."

Anasonkhanitsa mbale n'kulowa m'nyumba. Velko anatsala pakhonde akusisita mwendo wa zitsulo, ngakhale sunali kuwawa.

M'mawa mwake anati akungopita kukaiona. Kuona si kutenga, anadziuza, ngakhale mapepala a kanjinga kake anali atawaika kale m'thumba la jekete.

Pageti la bai Nedyalko, Kalin anali kuyang'ana anthu odutsa kuchokera papepala, helemeti ili m'khwapa. Njinga yeniyeniyo inali pabwalo, pansi pa mpesa, Gergana akuipukuta. Mbali yokalika anali ataisiya mmene inalili. Velko anaizungulira kawiri akuyesa kuoneka ngati munthu amene watumidwa. Anagwada, anayang'ana tcheni, anakanikiza tayala ndi chala. Malovu anali atadzaza m'kamwa.

"Mwabwera kudzandipulumutsa, chicho Velko?" anafunsa Gergana, amene ankamutchula chicho, ndiye kuti amalume, ngakhale sanali pachibale.

"Ndabwera kudzaona."

"Ine ndimagwira ntchito m'chipinda cha angozi, chicho. Ndimadziwa nkhope ya munthu wodzaona wodwala, ndimadziwanso ya munthu wodzaona ngati nyumba ya wodwalayo itsale yopanda mwini." Anamuponyera kiyi. "Musandiyang'ane choncho, ndavomera kale. Atate sakugona, amayi sakudya, ndatopa nazo. Koma mvetserani. Matayala asanatenthe musaipatse moto pakona. Buleki yakumbuyo imaluma. Ilibe chokuthandizani chilichonse, muli nokha. Kalin ankati imachenjeza munthu kamodzi kokha."

Injini italira, phokoso linamulowa m'mafupa mpaka m'zitsulo za m'mwendo. Anatuluka m'tauni n'kulowera msewu wa ku Montana, kumene kuli powongoka. Giya yoyamba, yachiwiri. Atangopotoza dzanja pang'ono, mitengo ya m'mbali inasanduka khoma limodzi lobiriwira, mphepo inamumenya pachifuwa, ndipo zaka khumi ndi chimodzi zija zinagwa pamsana pake ngati thumba la simenti. Anakuwa m'helemeti ngati mwana. Anali asanakondwepo chonchi chichokereni m'chipatala, ndipo tisabise, ngakhale paukwati wa mwana wake wamkazi sanakondwe chonchi.

Pobwerera panali kona yofatsa, imene kanjinga koyera kankadutsa iye akuyimba mluzu. Anapatsa moto msanga. Tayala lakumbuyo linachoka, mwina kutalika kwa chikhatho basi, kenako n'kugwiranso mwadzidzidzi, njinga n'kumukutumula ngati galu wagwira khoswe. Phazi linachoka pachopondera. Lole ya zipika imene inkabwera kutsogolo inaliza hutala, n'kudutsa pafupi moti anamva fungo la utomoni. Zinatha mmene zinayambira, mwamsanga. Anaima pambali pa munda wa tirigu n'kuzimitsa injini.

Yandichenjeza, anaganiza. Kamodzi kaja ndi kameneka.

Anakhala pamenepo nthawi yaitali, injini ikuthetheka pozizira. Mantha anali nawo tsopano, enieni, amene bai Nedyalko ankamuganizira. Akanatha kubweza kiyi n'kunena zoona, kuti bai Nedyalko, mwasankha munthu wolakwika. Akanathanso kuchita za Rumyana, shedi ndi tcheni, Gergana n'kupulumuka chimodzimodzi. Njira yoyenera ankaidziwa, sinali yobisika. Anatulutsa foni, dzina la mkazi wake lili pamwamba penipeni, n'kuliyang'ana.

Kenako anaganiza za Lachinayi. Gulu lonse likukwera phiri, Tosho akucheuka n'kupeza wapositi ali pambali pake, kenako ali patsogolo pake. Kanthu kakang'ono chonchi, kopusa chonchi, ndi kamene kanalemera kuposa zonse. Nyerere za mumkuyu anali ataziona ndi maso ake, koma mkuyuwo ankaufunabe. Anabweza foni m'thumba.

"Yayenda bwanji?" anafunsa bai Nedyalko atangolowa pabwalo.

"Ndi yofatsa," ananama Velko. "Imangofuna ulemu."

Mkuluyo anadzilemba mtanda, n'kumugwira mutu ndi manja awiri, ndevu zikumubaya patsaya.

"Wandisiyira mwana," anatero akulira. "Mulungu akupatse moyo wautali."

Mayi ake a Kalin anatuluka ndi mbale ya banitsa, chitumbuwa chathu cha tchizi chophika mu uvuni, n'kumupatsa chidutswa kuti adye pokumbukira womwalirayo. Velko anati, "Mulungu amukhululukire," monga tinenera, n'kudya. Anagwirizana kuti za mapepala akasainirana Lolemba. Anapereka kiyi wa kanjinga koyera kwa Gergana, ndipo mtsikanayo polandira anayang'ana zala za Velko zimene zinali zikunjenjemerabe.

"Yakuchenjezani kale, eti?" anafunsa motsitsa mawu, kuti bambo ake asamve.

Velko anavala helemeti ngati sanamve.

Rumyana anali pamakwerero akuthyola matcheri pamene kulira kwachilendo kunalowa mumsewu wawo. Velko anamuona patali akutsika pang'onopang'ono, n'kuika chidebe pansi, n'kupukuta manja paepuloni. Njira yonse anali akukonza mawu: kuti aziyenda nayo mwaulemu, kuti ndi ya chilimwe chimodzi chokha, kuti mkuluyo analira. Ankayembekezera kukuwa, mbale kusweka, mwina sutikesi pakhomo. Zimenezo akanazipirira, poti mkazi amene akukuwa ndiye kuti akadalimbana nawe.

Geti la kwawo linali lamatabwa, chifukwa munthu amene anawotcherera mageti a theka la tauni sanapezepo nthawi yopanga lake. Pamatabwapo panali pepala la maliro la mayi ake a Velko, lotuwa ndi mvula ya zaka zitatu. Rumyana anatsegula mbali imodzi n'kuima pakati.

"Ima pomwepo. Usatsike."

"Rumi, tamvera kaye..."

"Zimitsa. Vula helemeti." Mawu ake anali ofatsa, opanda mkwiyo. "Ika m'khwapa. Ayi, tembenuzira njinga uku, kukalikako kusaoneke."

Anabwera pafupi, n'kumusalaza tsitsi limene linatsala ndi dzanja lonunkhira matcheri, n'kumukonza kolala ya jekete. Chifuwa cha Velko chinamasuka. Chitsirucho chinaganiza kuti chakhululukidwa. Rumyana anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kutulutsa foni.

"Yang'ana kuno. Dzutsa chibwano."

Velko anamwetulira mano onse pamtunda.

"Usaseke kwambiri. Papepala sizikhala bwino."

Apa ndi pamene anamva. Kumwetulira kunauma pankhope, koma foni inali italira kale. Rumyana anayang'ana chithunzicho, n'kuchikulitsa ndi zala ziwiri mmene ankachitira kuntchito, kuona maso, kuona m'mbali.

"Chatuluka bwino," anatero. "Sindidzadula kanthu. Ndichisunga kuntchito, chifukwa tsikulo sindidzakhala ndi mphamvu zofufuza m'madirowa."

Velko anachita mantha kuposa pakona paja. Kiyi anali pomwepo, patsogolo pa thanki. Chinangofunika ndi kumuzula, kutambasula dzanja, n'kunena kuti tenga, tcheni ndiwotcherera lero lomwe. Rumyana anaima n'kudikira. Anadikira nthawi yokwanira, mwinanso kupitirira, maso ali padzanja la mwamuna wake. Dzanjalo linali pathanki yofunda, ndipo silinasunthe.

Ndiye Rumyana anatembenukira kugeti. Anazula timisomali tinayi timene tinagwira pepala la apongozi ake, kamodzikamodzi, n'kupinda pepalalo bwinobwino. Timisomalito sanatitaye, anatiika m'thumba la epuloni.

"Chakudya chili patebulo," anatero.

Kenako anakankha mbali ina ya geti mpaka kumapeto, kuti njinga ilowe.